Sajeni Samva Chichewa

Lolemba
Alandilodi, Nyamhango, andipatsa sabata imodzi: galu wanga Sajeni aphunzire kumvera, apo ayi achoke pano. Mlandu wake ndi kuthamangira mayi aliyense wovala bulauzi yoyera ya umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, kumununkhiza, n'kubwerako mchira uli pansi. Dzulo wagwetsa alandilodiwo m'matope. Malemu mkazi wanga Nyachirwa ankavala yomweyo Lachinayi lililonse. Miyezi itatu tsopano chimwalirireni. Ine ndikamuitana Sajeni amandiyang'ana ngati wokhometsa msonkho.
Sindikuopa. Galu ameneyu nzeru zake n'za digiri. Ndimupezera sukulu. Zofunika:
- mphunzitsi wosamenya
- agalu ochepa
- anzake a m'kalasi aulemu, osati mbava za pabutchala

Lachiwiri
Sukulu ya ku Katoto, muno mu Mzuzu. Mphunzitsi ndi mlonda wopuma ntchito, amaphunzitsa m'Chingelezi chokhachokha. "Siti!" Agalu onse khale pansi. Wanga waima ngati polo ya magetsi. Akuti mutu wake ngwouma. Ndawauza kuti kwathu mutu wouma kulibe, ine sitandade sikisi ndinaikonda mpaka kuiphunzira katatu.

Lachitatu
Mchengautuwa. Agalu ngati sauzande, chikwapu chimodzi. Mphunzitsi ali ndi bandeji manja onse awiri, akuti ndiye satifiketi yake. Sajeni wabisala m'miyendo mwanga, akunjenjemera. Tatuluka osatsanzika. Pamatope ndamunyamula. Wapepuka ngati nkhuku. Nthiti zonse ndaziwerenga ndi zala.

Lachinayi
Tsiku la umanyano, sitipita kulikonse. Ndamumanga kumtengo wa mapeyala. Azimayi akudutsa awiriawiri, iye akukoka chingwe mpaka kutsamwa. Ndamulonjeza mutu wa ng'ombe. Ndamuimbira. Kenako ndakhala naye pansi n'kumuuza bwinobwino kuti mayi sabweranso. Ndi koyamba kuzinena mokweza. Sanamve.

Lachisanu
Kaning'ina. Iyi ndiye sukulu: agalu asanu, chikwapu palibe, eni agalu akuphunzira nawo limodzi. Mphunzitsi ndi mayi wamfupi, m'thumba muli usipa wopatsa amene wakhoza. Ndamuitana Sajeni kasanu, zii. Mayiwo angonena motsitsa, "Zanga kuno." Liwiro lake, fumbi ndithu, chonsecho kukugwa mvula.
Kani m'Chitumbuka ndiye kuti bwera kuno! Zaka zonsezi ndikamamva Nyachirwa akutero pakhomo, ndinkati akulengeza kuti zinthu za pano n'zake, ndipo ndinkavomera. Ine wa ku Ntcheu, ndinkanyada kuti Chitumbuka changa chimathera pa yewo. Kunyumba ankandilankhula Chichewa pondimvera chisoni. Zapamtima ankauza galu.
"Dada, galuyu ngwanzeru chomene," atero mphunzitsi. "Wofunika sukulu ndinu. Miyezi itatu mwina mukhoza."
Ndatsala ndi masiku awiri.

Loweruka
Ndayeserera kuyambira m'mawa:
- ndi besi
- ndi mawu aang'ono achizimayi
- nditamanga chitenje cha malemu
Nthawi iliyonse Sajeni akudzutsa khutu n'kuyang'ana kukhomo la kukhitchini, osati kwa ine. Alandilodi pawindo: "Chitenje chakukhalani, dada, kweni mawa ni Sabata."
Masana wafika mlamu wanga wa ku Ekwendeni, mng'ono wake wa Nyachirwa. Mawu ake ndi omwe aja, mpaka kakukoka kakumapeto. Wamuitana kamodzi. Sajeni wadya mbale yonse m'manja mwake, ine ndikuyang'ana mapeyala.

Lamlungu
Apita pa pikapu, mlamu ndi Sajeni. Ndamukweza ndekha, wandinyambita dzanja kamodzi n'kukagona pamapazi a mlamu. Oyandikana nawo ndawauza kuti galu wanga wasankhidwa kupita ku sukulu yogonera konko, m'Mzuzu monse anatenga iye yekha. Aseka, nanenso ndaseka kwambiri.
Mphunzitsi wa ku Kaning'ina watumiza uthenga kuti kalasi ilipo Lachisanu, ndisachedwe. Ndayankha kuti ndibwera. Sindinawauze kuti ndibwera ndekha.