Duku Langa Litathetheka ku Lifuwu

Mpaka lero, ndikamapita ku Lifuwu ndimayamba ndasuzumira patsinde pa mango kuti ndione ngati manyazi anga adakali moyo. Ali moyo ndithu, ndipo chaka chino achita maluwa ofiira.

Mwana wa mchimwene wanga, Yohane, adapeza mbeta kumeneko, mtsikana waulemu dzina lake Asiyatu. Kwawo ndi ogulitsa nsomba, anthu osamala mbiri, ndipo adanenetsa kuti sapereka mwana kubanja losadziwika khalidwe. Tsiku lokaonekera, achimwene adanditenga ine azakhali kuti ndikakhale chitsanzo cha ulemu wakwathu. (Adasankha okha, ine sindidadzipereke.)

Titangolowa kumpanda, maso anga adagwera pa maluwa a mayi ake a Asiyatu. Amawatcha impatiens, timaluwa tofewa tofuna mthunzi ndi madzi. Kutentha kwa ku Salima kuno timafota msanga, koma kwa mayiwa tidali nganganga m'zidebe zakale, tikumwa madzi otsukira mpunga. Nsanje idandigwira. Ine kwathu ndimadziwika ndi maluwa, ndipo ndimakhulupirira zomwe amayi ambiri amanena, kuti duwa lopempha silimera, limamera ndi lakuba.

Amuna ali pa moni wautali, ndidapempha kuti ndikataye madzi. Pobwerera ndidawerama ngati ndikukonza patapata, n'kuthyola timakoko ta njere tisanu, tonenepa bwino, ndikugwira kuphesi. Chikwama ndidasiya pamkeka, choncho ndidatilowetsa m'duku. Chomwe sindimadziwa n'chakuti kakhoko ka duwali kakakhwima, ukangokakhudza kamaphulika.

Ndidabwerera n'kukhala mwaulemu wonse. Atsibweni ake a Asiyatu, bambo wa ndevu zoyera ndi kofia, ankamwa tiyi pang'onopang'ono.

"Tiuzeni, akumtunda," adatero, "kwanuko khalidwe ndi lotani? Ife kuno nsomba timayanika poyera, sitilondera."

Achimwene adadzigunda pachifuwa. "Kwathu cha mwini sitigwira, bambo. Ngakhale singano. Achemwali angawa achitire umboni."

Ndidagwada n'kusendera pafupi, mutu pansi monga mwa mwambo. Duku lidayamba kutsetsereka ndi thukuta. M'malo molisiya, ndidalipsinja ndi chikhatho.

The! The! The!

Njere zidawaza pamkeka ngati ndikufesa mpunga. Zina zidandilowa m'khutu, ziwiri zidagwera m'tiyi wa atsibweni n'kumayandama. Kenako kakhoko kopiringizika ngati mbozi kadatsika pamphumi panga, n'kutera pabondo la achimwene.

Yohane adayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango. Atsibweni adavuula njere imodzi ndi supuni, n'kuiyang'anitsitsa.

"Mayi, mutu wanu umabereka?"

Ndidafuna nthaka itseguke. Mayi ake a Asiyatu adatola kakhoko kaja, n'kuyang'ana ku zidebe zawo, kenako kwa ine. Nkhope yawo idali yofatsa, zomwe zidandipweteka kuposa kutukwana.

"Musawaimbe mlandu asewerewa," adatero. "Singano sadagwiredi."

Akazi onse adaseka mpaka kugwirana mapewa. Atsibweni okha sadaseke. Adati nkhani ya ukwati aiganizira kaye, ndipo adaiganizira miyezi itatu yathunthu. Miyezi yonseyo Yohane sadandipatse moni, achimwene ankandidutsa pamsika ngati mtengo. Zidandiwawa, chifukwa mnyamatayo ndidamulera ndine, ndipo ndidatsala pang'ono kumulanda mkazi chifukwa cha timakoko tisanu.

Pomaliza ndidapita ndekha kukapepesa, nditanyamula nkhuku. Mayi aja adandilandira bwino, n'kundipatsa mbande zitatu m'chitini. Ndidakazibzala kumaso kwa nyumba, padzuwa penipeni, kuti odutsa pamsewu aziona. Pofika Lachitatu zidali zitapsa ngati bonongwe wofutsa. (Mukuona? Zopempha sizimera.)

Ukwati udachitika, Asiyatu pano ali ndi ana awiri. Koma mvula itagwa chaka chimenecho, pamalo penipeni pomwe ndidagwada padamera maluwa ambirimbiri, obiriwira kuposa a m'zidebe. Mayi aja adawazinga ndi njerwa, ndipo mudzi wonse umawatcha "duku la azakhali". Mlendo aliyense amaonetsedwa, ndi nkhani yake yomwe.

Ndiye ndidaphunzirapo ndithu. Masiku ano ndikamapita kukacheza kwa anthu, ndimatenga kabotolo kokhala ndi chotsekera.