Payipi ya m'denga ndi usipa wanga

Tabwerani kuno nonse, kokani mipandoyo. Inu make Chifundo, foniyo ikani pansi, siithawa. Anawo apatseni mabisiketi atseke pakamwa. Mwakhala mukunong'onezana chimene ndinasowera kutchalitchi, ena mumati ndinagwa m'bafa. Sindinagwe. Ndinkatsokomola, komanso nkhope yangayi ndinalibe poiika.

Mukudziwa kuti ndimakhala kwa mwana wanga Esinati, nesi uja, konkuno ku Rotherham, ndinabwera kudzalera mdzukulu wanga Tadala. Pobwera ndinanyamula usipa wa ku Limbe, thumba lathunthu, wouma bwinobwino. Tsiku loyamba kuukazinga, apongozi anga, bambo a Tadala, anakayima panja pozizira, eti fungo likulowa m'jekete la kuntchito. Ndinati chabwino. Kwathu chinthu chofunika timasomeka kudenga. Onse atachoka ndinakoka makwerero okwerera m'denga, thumba langa n'kukaliika m'siling'i, lidikire ubatizo wa Tadala, inu nomwe mudzadye ndiwo zenizeni. (Musandiyang'ane choncho, maondo awa anakwerapo nkhokwe.) Sindinauze munthu.

Ndiye tsiku lina madzulo apongozi akulowa kukhitchini. Ife sitiyang'anana, mwambo sitinausiye pa eyapoti. Iwo anayang'ana firiji, ine ndinayang'ana sinki. Akuti, mawu pansi ngati a m'maliro: "Akuluakulu adziwe kuti mawa eni nyumba atumiza anthu odzapopera zofunditsa m'denga. Mazenera asatsegulidwe. Fani ya kukhitchini isayatsidwe. Pulasitiki isakhudzidwe."

Ine n'kuuza sinki kuti zamveka.

Chifukwa chake sindinafunse. Mpongozi umamufunsa chifukwa? Nanga za thumba ndikanayamba bwanji, ndiuze firiji kuti ndinabisa nsomba pamwamba pa mutu wawo? Esinati anali pa shifiti yaitali, pobwera ndinali nditagona, pochoka ndisanadzuke.

M'mawa Tadala wapita ku nazale, nyumba yatsala ndi ine. Ikufika vani. Akutsika amuna awiri, wina wamtali wa ndevu zofiira, wina wonenepa. Onse avala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kukamwa atseka, m'maso magalasi. Ndinati hmm. Munthu wolungama amabisa nkhope m'nyumba ya eni? Wandevuyo akundiuza, "Olrayiti, lavu?" Mwana woti ndingamubereke kumbuyo akunditchula lavu. Ndinangoti yesi, koma diso ndinamuika.

Anakoka chipayipi chachikulu ngati ntchafu yangayi, kuchoka m'vani, kudzera pakhomo, kukwera masitepe mpaka m'siling'i. Kenaka anayamba kumata pulasitiki. Pakhomo pulasitiki, pamasitepe pulasitiki, tepi gwa, gwa, gwa. Ine anditsekera m'munsi. Tandiuzani, ngati ntchito ili yabwino, mwini wake amamutchingira chiyani?

Mashini akuyamba: vuuuuu! Ndinakhala pampando n'kuyamba kuganiza, ndipo kuganiza ndiko kunandipweteka. M'nyumba muno chimene chimalira choncho ndi huva, mashini oyamwa fumbi aja. Nanga huva imapatsa kapena imalanda? Ndinasuzumira pazenera. Wonenepa uja wandipatsa msana, akupotokola kena kake pamashini, m'vanimo matumba ofufuma ali mbwee. Anabwera nawo, kapena adzaza pompano? Sindinawaone pofika.

Thukuta linayamba. Ndinatsegula zenera la pabalaza, kuti ndikakuwa aneba amve. Ndinatsegulanso chitseko cha kuseri, kuti pothawa ndisavutike. Mpweya unali wolemerabe, ndiye ndinayatsa ndi fani yomwe. (Inde make Chifundo, malamulo awiri a apongozi aphwanyidwa kale, ndikudziwa kuwerenga.) Pamenepo pulasitiki ya pamasitepe inayamba kupuma. Kutupa, kuphwa, kutupa, kuphwa, ngati mimba ya ng'ombe yogona. Ine ndinati waona, ngakhale pulasitiki ikundichenjeza.

Ndinakanganula pangodya n'kukwawira mkati. Khutu papayipi. Abale anga, mkatimo mukumveka tsetsetsetse, waaa, tsetsetse. Ine usipa ndaupeta moyo wanga wonse, ndimadziwa kulira kwake m'lichero. Mtima unangoti myuu. Ndinaona inu nonse mutakhala pa ubatizo mukudya nkhuku ya m'firiza, mukufunsana kuti usipa ankadzitama nawo uja uli kuti.

Pakati pa masitepe panali polumikiza, payipi ziwiri anazikulunga ndi tepi. Ndinatsika, kampeni kosendera mbatata m'manja, ndinakweranso. Ndimati ndingosuzumira, ndikaona kamutu kamodzi kokha ka usipa, basi ndaitana polisi.

Ndinangocheka pang'ono.

Phwaaa! M'maso, m'mphuno, m'kamwa momwe ndinali nditayasama kale kuti ndikuwe. Zinthu zotuwa, zofewa, ngati thonje losakaniza ndi phulusa. Payipi inandipulumuka n'kuyamba kuphiriphitha pamasitepe ngati njoka yopondedwa mchira. Pulasitiki ndinaikanganula ija mphepo inamaliza, kwapu, pansi. Tsono mphepo yolowa pazenera la pabalaza inapeza njira yotulukira kuseri, fani nayo ikukoka, fumbi lonse lija linangondondozana ngati laitanidwa. Pasofa, pa TV, m'mapoto, pa bulauzi yanga yoyera ya amayi a tchalitchi yomwe ndinali nditasita n'kupachika pachitseko. Pabalaza kobo, ngati m'chigayo tsiku la msika.

Ndinati ndiikhalire payipiyo isiye. Ndinaikhalira. Chitenje chinafufuma mpaka m'khwapa. Zina sindinena, pali ana.

Kumwamba wandevu akukuwa, "Oi! Oi!" Anadina kena kake, mashini zii. Ine ndisanamuone ndinati ndikonze msanga. Kwathu pabwalo pakachita fumbi umayamba wawaza madzi, kenaka tsache. Ndinatunga m'beseni n'kuyamba kuwaza pakapeti, pasofa, paliponse. Zinthu zija zikakhudza madzi zimasanduka phala, n'kukakamira. Akutsika mwamuna uja, manja m'mwamba: "No wota, lavu! No wota!" Ine tsache m'manja, ndayima pakhomo: "Palibe atuluke muno! Thumba langa!" Iye Chingerezi, ine Chichewa, tonse mbuu ngati tagwa m'ufa. Wonenepa anabwera, anationa, anakhala pakhonde n'kugwira mutu.

Anaimbira Esinati. Mwana wanga anafika ndi yunifomu yake, anayima pakhomo. Munthu amene amaona magazi tsiku ndi tsiku anatseka maso. Wandevu anamufotokozera, iye n'kumandimasulira akukukuta mano. Eti payipiyo siyamwa, imapopera. Eti wonenepa uja ntchito yake n'kuyeza mpweya pamashini, ukachuluka zinthuzo zimauluka, ukakhala wokwanira zimagona bwinobwino m'denga ngati bulangete. Eti amatseka mazenera ndi fani kuti mphepo isakokere fumbi m'munsi. Matumba a m'vani aja anabwera nawo, ndiwo amathira m'mashini.

Ndinati zonsezo ndamva, nanga usipa wanga?

Esinati anati usipa uti. Ndinaulula. Anamufunsa wandevu, wandevu anati m'mwambamo anapezamo masutikesi okha. Ndinati waona? Waona? Wakuba amavomera? Esinati anatulutsa foni n'kupita panja kukaimbira mwamuna wake.

Ine sindinadikire. Ndinakwera masitepe, phala lija likuterera kuphazi, n'kugwira makwerero kuti ndikafukule ndekha. (Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndinaphunzira: ukamalondera pakhomo la kutsogolo uzifunsa amene ali ndi kiyi. Kapeti tinasintha, sofa mpaka lero ukaikhalira imatulutsa utsi. Koma anthu obisa nkhope aja sindinawakhululukirebe, ndipo thumba lina likubwera ndi mlamu wa make Chifundo, pobisa pake sindikuuzani.)

Mutu wanga unali utalowa kale m'siling'i, ndikutsokomola, ndikupapasa m'zotuwazo mpaka m'zigongono, wandevu wagwira makwerero akupempha Mulungu wake, pamene Esinati anakuwa ali m'munsi, aneba onse akumva:

"Amayi, tsikani! Mulibe kanthu m'menemo! Usipawo bambo a Tadala anaupeza pokaika masutikesi, anadya kalekale ndi anzawo a kuntchito, akuti unali wokoma!"