Hava wa Pakhoma la Madamu

Lolemba
Ndayamba kusala kudya, sabata yathunthu, m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mwana wanga Chisomo akulemba mayeso a Fomu 4 ku Dedza, ndipo ine kuno ku Pearl, kunja kwa dziko kumene ndikugwira ntchito yam'nyumba, chomuthandizira ndilibe, koma mimbayi. Lero lomweli abwana, mzungu wa ku Holland, apachika pabalaza zojambula zakale zakwawo, za inki yofiirira:
Hava ndi chipatso.
Yosefe ndi mkazi wa Potifara.
Satana akupereka mwala kwa Yesu.
"Uzipukuta magalasi ake daily," akutero madamu. Mayesero atatu, wopukuta ndine!

Lachiwiri
Hava akundikwiyitsa. Kachipatsoko n'kochepa ngati masawu. Mayi wamkulu ndithu, wopanda ndi chitenje chomwe, kutitayitsa Edeni chifukwa cha kameneko? Ndikumupukuta mwaukali.

Lachitatu
Wojambulayu anali ndi njala, sindikukayika. Mwala wa Satanawo ndi buledi weniweni, wopsa bwino m'mbali. Ndamwa tiyi. Tiyi si chakudya. Shuga masipuni atatu, komabe si chakudya!

Lachinayi
Yosefe anathawa n'kusiya chovala. Zake zinali zophweka. Ine ndithawire kuti, poti ntchito yanga ndi kukhitchini komweko? "Yalla, fulumira, talawa mchere," akutero madamu. Ndalawa kanayi. Mchere unali bwino koyamba komwe.

Lachisanu
Madamu agula mango. Mango, sabata ino! Akununkhira ngati a mtengo wa kuseri kwathu. Ndawaika m'firiji, ndatseka, ndaimba nyimbo ziwiri za kutchalitchi. Hava ndikumupukuta osamuyang'ana.

Loweruka
Bango limodzi lokha, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndaimirira pasinki, madzi ake akutsikira m'chigongono. Kenaka lachiwiri. Njere ndabisa pansi penipeni pa bini.
Uthenga wa Chisomo: "Amayi, masamu ndi Lolemba, musasiye kundisalira."
Manyazi andigwira. Ndalira, m'manja mukumata ndi madzi a mango.

Lamulungu
Madamu akundionetsa foni, akuseka mpaka misozi. Kukhitchini kuli kamera ya abwana, ndinaiwala! Ndine uyo, bango kukamwa, maso kuchitseko. "Hava wathu!" akutero, ndipo atumizira kale abwana.
Basi, ine ndi Hava tonse awiri anatijambula azungu a ku Holland. Ndapita pabalaza, ndamupukuta pang'onopang'ono, ndamuuza kuti pepani amayi, sindinkadziwa.
Mawa ndi masamu, ndiyambiranso. M'firiji mwatsala mango atatu.