Malaya Oyera a Bizaliele

"Amayi, munthu wamkulu akakutuma iwe usakufuna, umamukana bwanji?"

Anandifunsa choncho mwana wanga Tiyanjane Loweruka lina tikuchapa kuseri kwa nyumba. Anali atakwinya nkhope chifukwa azakhali ake anamusiyira mulu wa zovala, pamene anzake awiri ankamudikira pampanda. Ndinawauza onse atatu kuti akhale pansi. Pali mwambi umene umayankha funso limenelo, ndipo mwambiwo unayamba motere.

Pamudzi wina kufupi ndi Bilila panali bambo wachikulire dzina lake a Bizaliele. Anakhalitsa ku maesiteti a tiyi ku Thyolo, ndipo ankati kumeneko anali kapitawo. Akazi awo atamwalira, anabwerera kwawo kudzakhala pakati pa mbumba yawo, ana awiri a mlongo wawo: Fanesi wamkulu ndi mng'ono wake Elube.

Bamboyu analibe ng'ombe, analibe njinga. Chuma chawo chinali malaya oyera a manja aatali. Koma kuyera kwake! Akatulukira pamsewu Lamlungu, anthu ankaphethira. Kolala inkaima njo, ngati makutu a galu wamva mbale kulira.

"Koma a Bizaliele, amakuchapirani ndani?" amayi a kutchalitchi ankafunsa.

"Mbumba yanga," iwo ankayankha akusisita pachifuwa. "Elube. Manja a mwana ameneyu Mulungu anawaumba atapumula."

Mawu amenewa ankamulasa Fanesi ngati minga. Iye ndiye ankawapatsira ndiwo atsibweni akewo, ndiye ankawazirira nyumba, koma dzina lake silinkamveka. Atsibweni akachokera kumsika ndi nzimbe, inkalowera kwa Elube. Kwa Fanesi kunkafika moni.

"Kodi ine manja anga ndi zikuni?" ankadandaula kwa amuna ake, a Lemani. "Elube ndinamuphunzitsa ndine kugwira sopo. Lero ndiye wasanduka mngelo wa malaya?"

"Mufunseni mmene amachitira," anatero a Lemani.

"Ine? Kufunsa mwana amene ndinamubereka kumsana?"

M'malo mofunsa, anayamba kuzonda. Tsiku lina anabisala kuseri kwa nkhokwe. Anaona atsibweni akupereka malaya, Elube akulandira ndi manja awiri atagwada. Kenaka Elube anapita nawo kumpanda wa udzu umene atsibweni ankasambiramo, nawaviika m'beseni, nasiya sopo pamwala, basi n'kunyamula khasu ulendo kudimba. M'mawa mwake malaya anali pachingwe, mbee!

"Ndadziwa," anatero Fanesi. "Chinsinsi n'kuwagoneka m'madzi."

Anatenga malaya a amuna ake nawaviika usiku wonse. M'mawa anapeza litsiro lili pomwepo, ndipo chule atakhala pakolala ngati mwini wake. Anayesanso, ulendo uno atathira buluu, mankhwala oyeretsera aja, timapaketi titatu. A Lemani anapita kumsika akuoneka ngati thambo la mwezi wa Okutobala, ana akuwalondola m'mbuyo.

"Amake Jesina," anatero atabwerako, "nsanje yanu ndikuivala ndine."

Fanesi anangotsimikiza mumtima kuti mng'ono wake ali ndi mankhwala, ndipo anasiya kumubwereka ngakhale sefa.

Tsono kunabwera nkhani yabwino. Mnyamata wina wa ku Kasinje anakonda Jesina, mwana woyamba wa Fanesi, ndipo akwawo anatumiza mawu kuti adzafika Loweruka masana kudzaonana ndi mwini mbumba. Ana inu mudziwe kuti kwathu nkhani ya ukwati sakamba bambo, sakamba mayi. Amakamba atsibweni. Iwo akapanda kukhala pamphasa, alendo amabwerera, ndipo ena sabweranso.

Lachitatu Elube anapita kumaliro kwawo kwa amuna ake. Lachinayi a Bizaliele anatulukira kwa Fanesi, malaya ali m'manja. Pakhonde panali amayi asanu, akuthandiza kusenda mtedza wa alendo.

"Amake Jesina, mwana wanga, tandionerako malayawa. Loweruka layandikira."

Apa mpamene Fanesi akanangolandira. Koma zaka zisanu ndi chimodzi za nzimbe zopita kwa mnzake zinamukwera pakhosi.

"Lero mwandiona, atsibweni? Ndimayesa ine manja anga anaumbidwa Mulungu atatopa! Dikirani wa manja a golide abwere. Ine sindichapa."

Mtedza unaleka kulira m'malichero. Mayi wina anatsokomola wopanda chifuwa. A Bizaliele anapinda malaya awo bwinobwino, nawapana m'khwapa.

"Zikomo, mwana wanga," anatero, nabwerera pang'onopang'ono.

Lisanalowe dzuwa, nkhani inali itafika pamjigo, kuchigayo, mpaka kwa ogulitsa tomato pamsewu.

Lachisanu m'mawa Fanesi, mtima utatsika, anapita kukawakumbutsa za alendo. Anawapeza atakhala pampando wa ndalema, atavala vesiti ya mabowo ambiri kuposa nsalu.

"Atsibweni, mawa paja n'kuja."

"Ndikudziwa. Koma ine sindikhalapo."

"Mwati bwanji?"

"Ndikhale pamaso pa anthu a ku Kasinje ndi vesiti iyi? Adzati mtsikanayu akuchokera kumtundu wa asodzi a ukonde."

"Nanga malaya aja?"

"Ndi akuda. Mudzi wonse unamva kuti mbumba yanga yawakana. Elube kulibe. Ndikatulukira mawa atayera, anthu adzafunsa kuti wachapa ndani. Ndidzati chiyani? Mwamuna wokhala ndi mbumba kudzichapira yekha, ndiye kuti anthu ake anamutaya ali moyo."

Fanesi sanamve bwino chimene chinali m'mawu amenewo. Anangomva kuti ukwati wa mwana wake ukuthawa. Anatsomphola malaya pamsomali nathamanga nawo kwawo.

Akanangochapa monga achapira aliyense, bwenzi nkhaniyi itathera pomwepa. Koma nsanje siigona. "Ndiwaonetsa," anatero. "Kolala ya Elube imaima? Yanga idzayenda." Anafikisa malaya mpaka batani limodzi linathawa. Kenaka anapala chinangwa, nafinya madzi ake oyera aja olimbitsira nsalu, nawaphika. Anthu amathira pang'ono m'beseni lodzaza. Iye anathira mphika wonse.

Pofika masana malaya anali atauma gwa. Atawachotsa pachingwe n'kuwaika pansi, anaima okha, manja tambalale, ngati munthu wopanda mutu. Galu anauwa. Nkhuku zinathawira kunsi kwa nkhokwe.

"Moni atsibweni," anatero a Lemani akuvula chipewa.

"Chokani apa, inu!"

Anadzaza makala m'simbi mpaka chivindikiro kukana kutseka, naikupiza kuti itenthe kwambiri, naiika pamsana pa malaya. Simbi inakakamira ngati yapeza kwawo. Anakoka, anagwedeza, anaitana mizimu ya amake. Pamene inachoka, pamsana panali chithunzi chake chakuda, ndipo pakati pake panali bowo loti munthu ankatha kuonerapo phiri.

Fanesi anakhala pansi, malaya ali pamiyendo. Jesina anasuzumira pakhomo, naona, nalowanso m'nyumba atazyolika. Kuzyolika kwa mwanayo ndiko kunamuliza mayi wake.

Dzuwa litapendeka Elube anatsika pakabaza. Nkhani anali ataimva kale kwa woyendetsa njingayo. Sanapite kukaseka, sanapite kukalangiza. Analowa m'nyumba mwake, natenga malaya oyera a amuna ake, a kutchalitchi okhaokha, amene anali ndi thukuta la kumaliro, nawakulunga m'chitenje kuti anthu asaone.

"Achemwali, odi."

"Wabwera kudzaona?" anatero Fanesi osadzutsa mutu. "Ona. Ukhute."

"Ndabwera ndi awa. Msinkhu wa alamu anu ndi wa atsibweni ndi umodzi. Tengani beseni lanu lija la maluwa, limene mudzi wonse umalidziwa. Mudutse nalo pakati pa mudzi, mukawaviike kumpanda kwa atsibweni. Sopo musiye pamwala."

"Kenaka?"

"Kenaka mubwerere."

"Ndiye achapa ndani? Mankhwala ako aja?"

"Kaviikeni, achemwali. Kukuda."

Fanesi analibe njira ina. Anasenza beseni, nadutsa pamjigo amayi akuona, nakaviika malaya. Atsibweni anali pakhonde, akuyang'ana kwina ngati akuwerenga mbalame.

Koma mukumudziwa Fanesi. Tambala wachiwiri atalira, kukuyamba kuyera, anali kale kuseri kwa mpanda, diso lili pakati pa udzu, kuti aone mankhwala a Elube akugwira ntchito.

Anaona atsibweni.

Kapitawo wa ku Thyolo anali atagwada pamwala, akupaka sopo m'kolala ndi chala chachikulu, akuimba kanyimbo chapansipansi. Sanafikise mwankhanza. Anatikita, natsukuluza katatu, nathira kadontho kamodzi ka buluu, nafinya mopotoza dzanja kamodzi kokha madzi onse n'kutha. Pambali panali simbi yawo, makala asanu owerengeka.

Fanesi anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda Elube, amene ankachokera kumjigo.

"Elube! Amachapa okha!"

"Tsitsani mawu, achemwali."

"Si anali kapitawo?"

"Anali wochapa ndi kusita zovala kunyumba ya bwana wa esiteti, zaka makumi awiri. Palibe mkazi pamudzi pano angawafikire."

"Ndiye iwe zaka zonsezi..."

Elube anatula ndowa, natambasula dzanja lake lamanja. Zala ziwiri zinali zopindika, chipsera chikuyambira pachikhatho.

"Chichokereni pamene ndinapsa ndi phala lija, dzanja ili silifinya. Tsiku loyamba anandipatsa malaya kuti ndichape. Kukana sindikanatha, kuchapa sindikanatha. Ndinangowaviika, n'kuthawira kudimba ndi manyazi. M'mawa ndinawapeza pachingwe, ndipo Lamlungu ndinamva akunditama. Sitinakambiranepo. Ine ndimawabisira kuti amadzichapira, iwo amandibisira kuti sindichapa."

"Nanga nzimbe zija?"

"Theka ndinkapatsira Jesina. Simunafunsepo kumene ankazitenga."

Fanesi anagwira dzanja la mng'ono wakeyo. Zaka zisanu ndi chimodzi akuchitira nsanje munthu wothira madzi m'beseni! Anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ndakunena zambiri pamjigo. Wandithandiziranji?"

Elube anasenzanso ndowa yake, naikonza pankhata.

"Chaka chimene ndinapsacho, ndani ankanditungira madzi? Miyezi iwiri, m'mawa uliwonse ndinkapeza mtsuko uli wodzaza pakhomo, inu muli ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Munkayesa sindikuonani. Inu munaiwala, achemwali. Ine ayi."

Masana alendo a ku Kasinje anafika, amuna atatu ndi amayi awiri. A Bizaliele anatuluka m'nyumba, ndipo anthu anaphethira monga mwa masiku onse. Anakamba nkhani ya Jesina mwaulemu ndi mwanthabwala, mpaka mbali zonse zinaomba m'manja. Pomaliza, mayi wina wa alendowo analephera kupirira.

"Pepani bambo, ndifunse nawo. Malayawa amakuchapirani ndani?"

Amayi asanu a mtedza aja anatchera makutu. Fanesi, atagwada pafupi ndi mbale, analakalaka nthaka itatseguka. Atsibweni asanayankhe, Elube analankhula ali kumbuyo, mofatsa, ngati akunena za nyengo.

"Ndi manja a achemwali anga awo, amake mtsikanayo. Amayi a pamudzi pano, simunawaone dzulo ndi beseni?"

"Eya, tinawaona," anavomera mmodzi wa amayi a mtedza.

"Ndiye mwana wathu wagwa pabwino," anatero mlendoyo. "Ngati mayi achapa chonchi, nanga mwana?"

A Lemani anatsegula pakamwa, nakumbukira malaya awo a buluu, natsekanso.

Alendo atapita, a Bizaliele anayenda pang'onopang'ono mpaka pamene Fanesi ankatsuka mbale. Anamuikira pambali nzimbe yathunthu, ya mfundo khumi ndi ziwiri. Fanesi anayamba kupepesa za bowo lija, koma iwo anakweza dzanja, nawerama kuti asamve wina.

"Mwana wanga, sindinakupemphe kuti ukhale katswiri. Ndinakupempha kuti undisungire ulemu. Tsiku lina ukadzatopa nane, usadzakuwe pakhonde. Udzangotenga beseni. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika."