Enelesi Wotsiriza wa Pageti la Chipatala

Anthu ena amapenga ndi mowa, ena ndi mpira, ena ndi akazi a eni. Malemu a Enelesi, aja ankagulitsa tizipewa ta makanda pageti la chipatala, anapenga ndi dzina lawo lomwe. Musaseke, ndikunena zoona. Mayi amene uja ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mkazi aliyense wotchedwa Enelesi amabadwa ndi nzeru za anthu atatu, ndipo kuti dziko likuvutika chonchi chifukwa anthu anasiya kutcha ana awo dzinali. Chimene ankafuna pa moyo wawo chinali chimodzi basi: asanatsikire kuli chete, aone kamwana kamodzi kokha kakuyankha ku dzina limenelo.

Amene anasenza mtolo umenewu kuposa tonse anali mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo yekhayo, yemwe ankaluka tsitsi m'kasaluni koyang'anizana ndi getilo. Tsiku limene mwamuna wake anapita naye kukamuonetsa kwa amake, mtsikanayo anakonzekera mafunso a kwawo ndi a sukulu. Ayi ndithu, funso linali limodzi.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

Anatchula.

"Pepa," anatero a Enelesi, akumusisita paphewa ngati wofedwa. "Si mlandu wako. Tidzakonza pa mwana."

Pa utsikana wawo a Enelesi ankachapa nsalu ku wodi ya amayi oyembekezera, mpaka msana unakana. Atapuma sanapite kutali. Anapeza kabenchi, ambulera yong'ambika mbali imodzi, ndi beseni lodzaza tizipewa ndi timasokosi toluka okha, n'kukhazikika pageti pomwepo. Mayi aliyense wotuluka ndi khanda ankadutsa pa khoti lawo.

"Wamkazi kapena wamwamuna?"

Akamva kuti wamwamuna, ankangoti, "Ambuye adalitse, yendani bwino," maso ali pa ulusi. Koma akamva kuti wamkazi, eee! Singano zolukira ankazibaya m'tsitsi, msana wodwala uja n'kuwongoka nthawi yomweyo, n'kutsekereza njira.

"Mwamutcha kale? Musafulumire, dzina si malaya. Munamva za Enelesi woyendetsa basi? Mkazi woyamba kugwira chiwongolero cha basi yaikulu! Tsiku lina giya inakakamira ya m'mbuyo. Mwamuna akanalira. Iye anangotembenuza khosi, n'kuyenda chambuyo ulendo wonse, ndipo anafika nthawi isanakwane."

Ankatero mayi wa khanda ali chiimire, mabala a uchembere akumuwawa, apongozi ake atasenza beseni ndi fulasiki. Ndiye panali Enelesi woweruza milandu, amene anagamula mwamuna wake yemwe kuti akaseweze chifukwa choba njinga, madzulo ake n'kumupititsira chakudya kundende chili chotentha. Panali Enelesi wowerenga nkhani pa wailesi, amene analakwitsa n'kulengeza mvula m'chilimwe, mvulayo n'kuchita manyazi, n'kugwa. Koma mfumukazi ya onse anali Enelesi woyendetsa ndege.

"Anatera ndi phiko limodzi, anthu m'katimo akumwa tiyi osatayika ngakhale dontho."

Patapita mwezi, ndege ija inatera yopanda phiko ndi limodzi lomwe. Mlonda wa pageti, nkhalamba ya mano awiri yomwe inkakonda kuwaputa, sanapirire.

"Mayi, mwezi watha munati phiko limodzi. Linalo lathothoka liti?"

"Iwe unalipo? Tsegula geti, ndiyo ndege yako imeneyo."

Ataona kuti nkhani zokha sizikugwira, analengeza kuti mwana amene atchedwe Enelesi alandira chipewa, masokosi ndi kabulangete, zonse zaulere. Tsiku lomwelo kunatulukira kamtsikana kena ka maso ochenjera, kakhanda kali kofundidwa mpaka kumphuno.

"Wamkazi, amayi. Ndipo dzinalo ndalikonda."

A Enelesi analuluta mpaka odwala anasuzumira m'mawindo. Anavina, ambulera m'manja. Analowa m'saluni ya mpongozi wawo n'kuuza makasitomala onse kuti adzuke aombe m'manja, wina tsitsi lili theka. Mwezi wotsatira, tsiku la sikelo, anasiya beseni ndi mlonda n'kulowa kukaona mnzawo wa dzina akukwezedwa. Nesi atangomasula thewera, kamwana kaja kanathira mkodzo m'mwamba ngati mpopi wothyoka.

"Ameneyu ndi Enelesi wa mtundu wanji?"

"Kunkazizira, amayi," kanatero kamtsikana kaja, maso pansi.

A Enelesi anayang'ana kamwanako, anayang'ana chipewa chawo, n'kupukusa mutu. "Msiyeni avale. Wavala chipewa cha Enelesi, mwina nzeru zilowerera."

Choipa chake n'chakuti nkhani zimenezi zinamera miyendo. Munthu akanama ku bawo, anzake ankati, "Wayamba za Enelesi." Kondakitala akalonjeza kuti galimoto inyamuka pompano, okwera ankati, "Iyi ndi basi ya Enelesi." Ana a sukulu akafuna kuliza mnzawo wokonda kukokomeza, ankangomuimba dzinalo mpaka misozi. Mayi aja anathirira dzina lawo m'mawa ndi madzulo mpaka linavunda mizu, iwo osadziwa. Mpongozi ankazimva zonsezi m'saluni tsiku ndi tsiku, ndipo tisabise, nayenso ankaseka. Anabereka anyamata atatu motsatizana, ndipo ulendo uliwonse nesi akati "wamwamuna," iye ankathokoza Mulungu chamumtima, kenako n'kuvala nkhope yachisoni pokadutsa pageti.

"Osadandaula," ankatero apongozi akewo. "Nawenso ukuyesetsa."

Chinanso, a Enelesi sankaphonya mauthenga a maliro pa wailesi. Akangomva kuti kwinakwake kwamwalira Enelesi, kaya amudziwa kaya samudziwa, ankamanga mpango n'kunyamuka. Ulendo wina mpongozi anawaperekeza poopa kuti angagwe m'njira. Anafika pakhomo pa anthu achilendo, a Enelesi n'kulira kuposa ana a malemu, mpaka anamfedwa anayamba kunong'onezana kuti mwina bambo awo anali ndi banja lina. Atapatsidwa mpata, anaimirira n'kuchitira umboni kuti malemuyo anali mphunzitsi wamkulu wophunzitsa madokotala. Chonsecho mayi wa eniake ankagulitsa makala moyo wake wonse. Mpongozi anafuna pansi patang'ambika alowemo.

Pobwerera m'basi a Enelesi ankangoyang'ana pawindo.

"Mwana wanga," anatero kenako, "pulogalamu ija ya mafuno abwino a tsiku lobadwa umaimvera?"

"Nthawi zina, amayi."

"Unamvamo Enelesi?"

Mpongozi anapukusa mutu.

"Ife timamveka pa maliro pokha. Tikutha ngati mano a mlonda uja."

Anaseka okha, koma mpongozi anamva chisoni chimene sanachiyembekezere, ndipo kuyambira tsiku limenelo makasitomala akayamba nthabwala zija iye ankangokoka tsitsi mwamphamvu.

Kenako kunabwera dokotala watsopano, mayi wamtali wa magalasi, woyendetsa yekha galimoto yake. Mlonda, amene makutu ake ankafika ku maofesi onse, anabwera akuthamanga.

"Mayi, mwapambana! Dokotala uja dzina lake lapakati ndi lanu!"

Anthuni, tsiku limenelo! A Enelesi analuka chipewa cha munthu wamkulu masana amodzi. M'mawa mwake anavala diresi ya ku tchalitchi, anaitana ogulitsa nthochi, a njinga zakabaza ndi makasitomala a m'saluni kuti adzaone ndi maso awo kuti sankanama. Galimoto itaima kudikira geti, iwo anagogoda pagalasi.

"Dzina langa! Enelesi mnzanga!"

Galasi linatsika pang'ono. Dokotala sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Analankhula mofatsa.

"Amayi, dzina limenelo linali la agogo anga, ndipo ndinalisiya ku pulayimale. Chonde musadzandiitanenso choncho pagulu."

Galasi linakwera, galimoto n'kulowa. A Enelesi anatembenuka, chipewa chikadali m'manja.

"Mwamva? Salankhula mozungulira. Enelesi weniweni ameneyo!"

Anthu anaseka, nkhani n'kutha. Koma mpongozi, ali pakhomo pa saluni, anaona kuti tsiku limenelo analongedza beseni dzuwa likadali pamutu, ndipo madzulo chakudya anangochiyang'ana.

Chaka chotsatira zinthu ziwiri zinabwera pamodzi. Mpongozi anaima kachinayi, ndipo miyendo ya a Enelesi inayamba kutupa, mtima ukulephera ntchito. Anawagoneka ku wodi ya amayi m'chipatala chomwecho. Mpongozi atachira, nesi anati, "Wamkazi." Mwamuna wake, munthu wowotcherera zitsulo amene mawu ake pa tsiku sankadzaza chikho, anakanda m'mutu.

"Zili ndi iwe. Ine mbali zonse ndipsa."

Mpongozi anafunda khanda lake n'kuyenda pang'onopang'ono, atagwira khoma, mpaka pabedi la apongozi ake. Anawapeza atachepa, tsitsi lili mbuu, manja opanda ulusi.

"Wamkazi kapena wamwamuna?"

"Wamkazi, amayi."

Ndiye mayi amene anatsekereza njira amayi mazanamazana, mayi amene sanasowepo chonena, anangotseka pakamwa n'kuyang'ana kudenga. Ankaopa kufunsa. Mantha amenewo ndi amene anamuswa mtima mpongozi.

"Ndi Enelesi, amayi. Ndalembetsa kale."

Ndipo sananame, analembetsadi. A Enelesi anagwira kaphazi ka mwanayo, misozi ikutsikira m'makutu.

"Uyu yekha," ananong'ona, "mudzamupatse ndege ya mapiko onse awiri."

Sabata isanathe anatisiya. Maliro awo anadzaza anthu, ndipo kunali kuseka kochuluka kuposa kulira, aliyense akukumbutsa mnzake za basi, za mvula, za kamnyamata ka mkodzo. Ankawakonda, zimenezo musakayike.

Tsiku la sikelo yoyamba, mpongozi anapereka kabuku ka mwana n'kukhala pabenchi pakati pa amayi odzaza khonde lonse, ena mwa iwo makasitomala ake. Nkhani ya dzina inali isanatuluke m'nyumba. Nesi anali wachilendo, wongobwera kumene, wosadziwa kanthu. Anaitana mayina angapo, amayi akudzuka mmodzimmodzi. Kenako anakweza mawu.

"Enelesi!"

Khonde lonse linaphulika. Wina anagwira m'mimba, wina anamenya mnzake pantchafu.

"Wabwera pa ndege kapena pa basi?"

"Muyang'ane kaye m'thewera, nesi!"

Mayi amene anakhala pafupi ndi mpongozi anapukuta misozi ya chiseko n'kumugunda ndi chigongono. "Koma anthu ena alibe chisoni. Ndani angachite mwana wake nkhanza zotere?"

Mpongozi anafuna kudzuka, Mulungu ndi mboni. Koma sanadzuke. Anaona mwana wake ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atazunguliridwa pabwalo la sukulu. Anamuona ali mtsikana, akunena zoona anthu n'kumaseka. Khanda linali mtulo pachifuwa pake, kakamwa kali yasa.

"Enelesi!" anabwereza nesi. "Palibe Enelesi pano?"

"Enelesi anamwalira, nesi," anayankha wina kumbuyo. "Tinaika mwezi watha."

Nesi anaika kabukuko pambali n'kuitana dzina lina. Mpongozi anakhalabe pomwepo, maso ali pa zala za kumapazi, mpaka chiseko chinazirala. Kenako ananyamuka ngati wopita kuchimbudzi, n'kutuluka pageti osayang'ana kumene kunkakhala kabenchi. Madzulo anauza mwamuna wake kuti apeze dzina lina. Mwamunayo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kutchula lina la masiku ano, lofewa, losaputa munthu. Palibe anakangana.

Pageti paja tsopano pamakhala wogulitsa matchaja a foni, amene sadziwa n'komwe kuti m'nsalu zodutsazo mumakhala anthu. Amayi amatuluka ndi makanda awo mwamtendere, palibe wowaimitsa, ndipo mudzadabwa kuti mtenderewo ndi wosakoma. Mlonda anasowa womuputa, amangosinza. Ngakhale mawu aja akuti "za Enelesi" akutha, ana a masiku ano sawadziwa, ndipo mpongozi sadziwa ngati athokoze kapena alire. Akamaluka tsitsi amakhala chofulatira khomo.

Mwana wa mpongozi uja wakula, wayamba sukulu, ndipo palibe amamuseka. Ndi wolongolola koopsa. Tsiku lina amake akumupesa, anapeza mpata pakati pa nkhani zake zosatha n'kufunsa:

"Amama, agogo aja amene anandigwira kamodzi kokha, dzina lawo anali ndani?"

Chipeso chinaima m'tsitsi.

"Anali agogo ako basi," anatero amake. "Weramitsa mutu."