Dimba langa pamalo owombera mfuti

Lolemba
Ndikuyamba dimba! Kuno kunja kwa Brakpan, komwe ndimatchetcha udzu pamalo ophunzirira kuwombera mfuti, kuli chimulu cha dothi chomwe zipolopolo zimakathera. M'mbali mwake simulima munthu. Mbande ndapeza: mpiru, tomato, tsabola wa kambuzi. Zikakula ndikapatsa a Nachisale a ku Tembisa, mayi akwathu amene mtima wanga umawafuna. Mwina adzati, "Lowani kaye."

Lachiwiri
Ndikukumba. Zotuluka: chipolopolo, chipolopolo china, chinanso. Nyongolotsi ayi, ngakhale imodzi! Kwathu ku Ntcheu umaidula ndi khasu usakufuna. Ndabzala basi. Lero ndacheza ndi mbande zokha.

Lachitatu
Kwabwera alonda a kampani ina kudzaphunzira. Mmodzi waphonya, chipolopolo chake chalowa m'dimba. Tomato wafa ali chiimire ngati msilikali. Bwana akundithamangitsa, akukuwa m'Chizulu, "Suka lapho, Malawi!" Tsiku lonse mawu ondiyankhula ndi omwewo.

Lachinayi
Kwafika mtsikana wa ku yunivesite, magolovesi m'manja, akutapa dothi langa ndi supuni. Akuti zipolopolo zikamadyeka zimasiya mtovu m'nthaka. Tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timawoletsa zinyalala n'kudyetsa mbewu, tambiri tinafa, tatsala tokakamira tokhatokha. Ngati ine. Akuloza mpiru, akuti, "Baba, izi musadye." Koma wandifunsa dzina langa, mpaka walitchula bwinobwino!

Lachisanu
Ndikungosamba m'manja. Chala chayabwa: mtovu. Mutu wawawa: mtovu. Ndaimbira achimwene kumudzi kuti ndiwadandaulire. Akuti, "Ndiye mfutiyo mwagwirako?" Foni yaduka.

Loweruka
Sindigonja! Ndazula mpiru, ndatsuka mizu, ndakwera nawo takisi mpaka ku Vosloorus komwe ndimachita lendi. Ndauika m'zitini za penti pakhomo. Ndalowa kukavula nsapato. Potuluka: zitini, dothi, nkhuku za alandilodi zikupukuta milomo. Tsopano ndikudera nkhawa nkhuku.

Lamulungu
Alandilodi agogoda. Chikhalireni pano sanandiitanepo, lero akuti ndikadye nawo, kupepesa za mpiru. Apha nkhuku yomweyo, yofiira, imene inadya kwambiri! Ndawafotokozera za mtovu m'Chizulu changa chothyokathyoka. Aseka mpaka misozi, akuti Amalawi timaopa ndi nkhuku yomwe. Ndakhala nawo pamthunzi, ndikudya kabichi yekha, ntchafu yanga yapita kwa mwana wawo wamkulu. Mawa kuntchito, kukatchetcha udzu. Umenewo wokha ndiwo umamera kumeneko, ndipo palibe woudya.