Mthunzi wa Pabwalo Panga

Lolemba
Okutobala wafika ndi ukali wake. Chipumireni uphunzitsi ku Chiparamba, ndikukhala ndekha m'nyumba imene mwana wanga Misozi anandimangira muno mu Chipata. Anadula mtengo wa mango, nathira simenti bwalo lonse kuti ndisamavutike kusesa. Sindisesadi. Alendonso sindilandira. Ndani angakhale pa chiwaya? Ndiye ndikumanga chisakasa. Zofunika: nsanamira zinayi, denga, anthu okhalamo.

Lachiwiri
A Zulu, akalipentala, akukhoma malata. Akuti, "Amayi, udzu ndi wa kumudzi, kuno ndi m'tauni." Masana ndikukhalamo kuti ndiyese. Posakhalitsa thukuta mpaka m'makutu. Nkhuku yanga yasuzumira, yabwerera.

Lachitatu
Malata tachotsa, tayala mphasa pamwamba. M'mawa zonse bwino. Dzuwa litangopendeka, mthunzi wonse wadumpha mpanda kukagwera kwa a Banda, aneba anga. Ndikumva ana awo akusewera mumthunzi wanga!

Lachinayi
Chisakasa tachisunthira mbali ina. Mthunzi ulipo tsopano, koma mphepo ayi, mpanda wa njerwa watsekereza. Mapepala akuuluka mumsewu, kuno tsamba silingagwedezeke, likadakhalapo. Ndaimbira Misozi ku Lusaka kuti tibooleko mpanda. Akuti, "Amama, mpandawo ndi wotchinga akuba. Ndikutumizirani fani." Wadula ndisanamufunse za ana.

Lachisanu
A Zulu sanabwere. Ndagula mbande ya mtengo kwa bambo wina wa ku Madzimoyo. Akuti, "Zaka zisanu zokha, mudzagona pansi pake." Sindikudziwa kugona kumene akunena. Pokumba palibe, ndabzala m'ndowa.

Loweruka
Ndaitana amayi anzanga a kwaya. Mipando isanu, thobwa, mtedza wokazinga. Afika Amake Dalitso okha, aima pageti atadzifunditsa chitenje kumutu. Akuti, "Aphunzitsi, tili patsinde pa mkuyu paja, bwerani ndi thobwalo." Ndati ndikubwera. Sindinapite, manyazi. Cha m'ma 4 koloko mphepo ija yabwera yonse nthawi imodzi: kamvuluvulu wanyamula mphasa, kwatsala mafupa a chisakasa.

Lamulungu
Pochokera kutchalitchi ndazungulira nyumba yonse. Kuseri kwa bafa kuli kamthunzi kopyapyala, ndipo kamphepo kamalowera pangalande yotulutsira madzi, nkuziziritsa mapazi. Ndikukhala pamenepo, ndikusuntha mpando pang'onopang'ono dzuwa likamandipeza. Pamakwana munthu mmodzi yekha. Mipando inayo ndalowetsa m'nyumba.